Zosesa za M'lole

Chaka chimene mwana wanga wamkazi anayamba sukulu, ntchito yanga inali yosesa m'lole. Sinali ntchito yolembedwa, ndipo panalibe wondilipira. Lole ikabwera kuchokera kumidzi n'kutsitsa matumba pamsika wa pa Boma ku Lundazi, pansi pake pankatsala chimanga chotayika m'matumba obooka, ndipo chimenecho chinali cha amene wasesa. Dalaivala wa loleyo anali mlongo wanga wamkulu, choncho tsache linali langa. Amayi ena ankandiyang'ana ndi diso lofiira, koma ine ndinalibe nazo ntchito. Bambo a mwanayo anapita ku Lusaka kukafuna ganyu, Lusaka n'kuwameza osatafuna, ndipo munda ndinalibe. Chuma changa chinali tsache, beseni ndi sipoko ya njinga.

Sipokoyo musaiderere. Pansi pa loleyo panali pa matabwa, ndipo matabwawo anali atakalamba n'kusiya ming'alu yolowa chala. Tsache linkangotenga za pamwamba. Chimanga chenicheni chinkabisala m'ming'alumo, ndipo ine ndinkagwada n'kumachitokosa ndi sipoko, mzere ndi mzere, mpaka mawondo kuchita dzanzi. Tsiku labwino beseni linkafika pakati.

Zinali zaka za m'ma 1990, malole a makopaletivu atasiya kuzungulira m'midzi, mvula nayonso itatichita chipongwe. Pa Boma panali aphunzitsi, makalaliki, anamwino ndi ife osadziwika ntchito, tonse opanda nkhokwe. Chimanga sichinatheretu m'dziko ayi. Alimi ena a ku Chikomeni ndi kwa Mwase anali nacho, koma chimanga chilibe miyendo. Wa njinga ankabwera ndi thumba limodzi, thukuta lili kamukamu, n'kutha asanalitsitse n'komwe. Ndiye tauni yonse inkadya ndi maso ali kumsewu, kudikira timalole tiwiri titatu ta anthu wamba.

Mwini wake wa lole imene ankayendetsa alongo anga anali wamalonda wochokera ku Chipata, wamfupi, wosaseka, wovala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ulendo usanayambe ankakhala pansi kuseri kwa sitolo yake ndi alongo angawo, n'kuyala zitsekerero za mabotolo pamchenga. Ichi ndi Chikomeni, ichi ndi Mwase, kamwala aka ndi mlatho wogumuka, kamtengo aka ndi dambo limene lole imatitimira. Ankazisuntha ngati akusewera nsolo, kufuna kuona koyambira ndi komalizira, katundu wokwera poyamba kuti adzatsike pomaliza, mudzi wodutsa m'mawa matope asanapondedwe ndi ngolo. Ine ndinkawaseka, amuna aakuluakulu kumasewera ndi zinyalala. Koma ndisaname, masewerawo ankagwira ntchito. Lole yawo inkabwera kawirikawiri kuposa zinzake, ndipo ikabwera, utsi unkafuka m'makomboni monse.

Lamulo la bamboyo linali limodzi: lole isayende yopanda kanthu. "Lole yopanda katundu ikumwa chabe dizilo," ankatero. Choncho popita inkanyamula mchere, sopo, palafini, feteleza, malata, chilichonse chimene munthu wakumudzi waitanitsa. Pobwera inkasenza chimanga, nyemba ndi mtedza. Zonsezi zinkagona pa matabwa omwewo.

Pali chinthu china chimene ana a masiku ano sangachimvetse. Chimanga cha nthawi imeneyo chinkanunkha mankhwala nthawi zonse. Alimi ankathira ufa wophera anankafumbwe, ena mwa muyeso, ena mongokhuthula, ndipo tonse tinkadziwa chochita: kupeta, kutsuka, kuyanika, kugayitsa. Chimanga chonunkha tinkachikonda kumene, chifukwa chimakhala chosafumbwa. Mphuno zathu zinali zitasiya kutichenjeza.

Mwezi wa Januwale uja lole inachedwa kubwera. Pamsika panali mbee, ndipo ine ndi mwana tinkagonera mango osapsa owiritsa, amene amakhutitsa pakamwa pokha. Itafika masana ena, ili matope okhaokha, alongo anga anangodumpha, n'kundikodola ndi dzanja, n'kuyamba kugubuduza tayala lophulika kupita nalo kwa womata. Onyamula katundu anatsitsa matumba anthu ali pikitipikiti. Atatha ndinakwera. Pansi panali patayalidwa tenti yakale, chinthu chimene sindinachionepo, koma thumba lina lapansi linali litaphulika, chimanga chambiri n'kuyenderera m'mphepete kulowa kunsi kwa tentiyo. Nditaivundukula ndinangoti Mulungu wandikumbukira. Matabwa anali onyowa, a mchengamchenga, ndipo ndinati ndi mvula. Fungo linali lamphamvu mpaka maso kuyabwa, ine n'kunena mumtima kuti mlimi ameneyu ndi wadzanja lolemera. Beseni linadzaza koyamba chiyambire ntchitoyo.

Kunyumba ndinapeta, ndinatsuka kawiri, m'mawa mwake n'kuyanika pamphasa pamene kadzuwa kanatuluka. Zopetedwa zija, misere, mchenga ndi tizinyalala, sindinataye. Ndinaziika m'kachitini kuti ndidzatolemonso, pakuti chaka chimenecho munthu sankataya kanthu. Kuchigayo kunali mzere wautali, ndipo ufa ndinabwera nawo titadya kale mango athu. Ndinauika pamwamba n'kunena kuti tiuyamba mawa.

Aphunzitsi anali atanditumizira uthenga kuti mwana amagona m'kalasi. Ndinkadziwa chifukwa chake, ndipo zinkandichititsa manyazi. Ndiye m'mawa ndinalawirira, n'kukanya ufa uja ndi nthochi ziwiri zakupsa kwambiri, soda ndi kamchere, n'kuphika chigumu m'kasefuliya, makala pansi makala pamwamba. Sindinalawe. Ndimadzidziwa ine, ndikati ndilawe ndimapezeka ndamaliza theka. Ndinachikulunga m'tsamba la nthochi n'kumuikira m'kathumba kake ka pulasitiki.

"Udye pa buleki," ndinamuuza. "Usagawile munthu, wamva? Ni chako weka."

Anagwedeza mutu n'kunyamuka, akusuzumira m'kathumbamo asanatuluke n'komwe pabwalo.

Ndinali ndi mnansi, mayi wachitumbuka wogulitsa tomato, amene tinkagawana naye chimbudzi ndi chingwe choyanikira zovala. Iye anali ndi nkhuku. Mwana atapita ndinakhala pakhonde, ndinakhuthula kachitini kaja n'kutolamo tinjere topulumutsika, zotsalazo n'kuwazira nkhukuzo. Zinalimbirana. Kenako ndinatsuka mbale, ndinatenga ndowa n'kupita kumpopi, kumene kunalinso mzere wake. Pobwera ndinapeza mnansiyo ataima pakati pa bwalo manja ali m'chiuno.

"Mwawuka uli, mama?" ndinamupatsa moni.

"Wonani nkhuku zane," anatero.

Thadzi lalikulu linali chagada, miyendo ikupalasa m'mwamba. Lina linkazungulira pamalo amodzi ngati laledzera, mlomo uli yasa, madzi akuchucha. Tambala anali atatsamira khoma, akunjenjemera thupi lonse.

"Ni chitopa ichi," anatero mnansiyo.

Chitopa ndinkachidziwa. Chimayamba ndi imodzi, kenako inzake, sichigwetsa khola lonse pa nthawi yopita kumpopi ndi kubwera. Ndinatula ndowa, ndinatola kachitini kaja n'kukanunkhiza. Fungo lija linali momwemo, ngati palafini wosakaniza ndi adyo wowola, ndipo tsopano ndinalimva bwinobwino kuti si la ufa wa anankafumbwe. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire.

"Mama, tsekani chitseko changa," ndinatero. "Unga uja nagayitsa dzulo uli mukati, munthu asaugwile. Na nkhuku izi munthu asadye."

Sindinadikire kuti afunse. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, opanda nsapato, chitenje nditachigwira m'manja.

Sukulu inali mbali ina ya tauni, ndipo njira yake inkadutsa pamsika ndi pa sitolo ya mwini lole. Loleyo ndinaipeza ili pa jeke, gudumu limodzi litachotsedwa, alongo anga atagona kunsi kwake, miyendo yokha ikuoneka. Ndinawakoka phazi.

"Alongo, popita ku Chikomeni munanyamula chani?"

Anatuluka akuseka, sipanala ili m'manja. "Moni kaye, mlongo. Mwathamangitsidwa na ndani?"

"Munanyamula chani?"

"Mchele, sopo, na mankhwala ya thonje. Bwanji?"

"Yanatayika?"

Kuseka kuja kunatha. "Chigubu chimodzi chinang'ambika pa maenje paja. Koma tinatsuka kumtsinje na mchenga, tinayalapo na tenti. Matumba siyanakhudze pansi." Anandiyang'ana mawondo. "Munasesa?"

"Mwana ali na chigumu ku sukulu."

Alongo anga anaponya sipanala pansi, anayang'ana lole yopanda gudumu ija, kenako anatenga njinga ya abwana awo imene inali itatsamira khoma la sitolo, osapempha. Ndinakwera pakaliyala.

Sindinadziwe kuti Lundazi ndi wamkulu mpaka tsiku limenelo. Ngolo ya ng'ombe inatitsekera njira pakamlatho. Anthu odziwana nawo ankatipatsa moni, ena kutiseka kuti nkhalamba ziwiri zikuthamangira kuti. Tcheni chinavuka, alongo anga n'kuchibwezera. Ine ndinkangopempha chinthu chimodzi, kuti belu la buleki lisanalire. Belu la pasukulupo linali limu ya galimoto yopachika pamtengo, ndipo linkamveka kutali. Tili pafupi kufika ndinalimva likulira. Sindinadziwe ngati likutulutsa ana kapena likuwalowetsa, ndipo kusadziwako kunandipweteka kuposa minga imene inali itandilasa kumapazi.

Linali lowalowetsa. Tinapeza ana akuthamangira m'makalasi, onse ofanana m'mayunifolomu awo. Ndinkaitana dzina lake, ndinkagwira mwana uyu ndi uyo n'kumutembenuza. Kamtsikana kena kanaloza kuseri kwa kalasi yomalizira. Kumeneko ndinamupeza atakhala yekha pansi, atatsamira khoma, tsamba la nthochi lili pamiyendo, akutola nyenyeswa ndi chala chonyowetsa. Kachidutswa kotsala kanali kochepa ngati bokosi la machesi. Atandiona anakabisa kumbuyo, poganiza kuti walakwa kanthu.

"Sininagawile munthu, amama," anatero.

Ndinamulanda kachidutswako n'kumunyamula. Ankaoneka bwinobwino, maso ali gwa, ndipo kwa kanthawi ndinadzinamiza kuti mwina kutsuka kuja kunachotsa zonse. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anati mumwetseni mkaka, wina madzi a mchere, wina makala osinja, poti pa tsoka la mnzako aliyense amasanduka dokotala. Aphunzitsi ake, mayi wodekha wa magalasi, anawakankha onsewo.

"Musamumwetse chilichonse, thamangani naye ku chipatala," anatero. Kenako anatembenukira kwa alongo anga. "Imwe atate, chigubu chija ngati chilipo mukachitenge, akaone dzina la mankhwala."

Tinakweranso njinga, ine pakaliyala, mwana pamiyendo panga. Poyamba ankasangalala, chifukwa njinga sankaikwera kawirikawiri. Ndinkamulankhulitsa, kumufunsa zimene aphunzira, kumuuza kuti andiimbire nyimbo ya kusukulu. Anaimba pang'ono n'kusiya. Anati m'mimba mukupota. Kenako anati, "Amama, kwada," dzuwa lili phwee. Dovu linayamba kutuluka m'kamwa mwake, lambiri, losatha, mpaka kunyowetsa mkono wanga. Thukuta linali ngati ndamuvuula mumtsinje. Anasanza pa chitenje changa, ndipo ndinamva timinofu ta m'miyendo yake tikudumphadumpha pansi pa dzanja langa, chimodzimodzi tambala uja. Ndinauza alongo anga kuti apalase, ngakhale ndinkaona kuti akupalasa ndi mphamvu zawo zonse.

Kuchipatala namwino anamutsegula zikope n'kundifunsa chimene wadya. Ndinafotokoza mosokonekera, za lole, za nkhuku, za sipoko, koma anamva. Anamugoneka chammbali, anamulowetsa kapaipi m'mphuno, anamubaya jekeseni. Alongo anga anabwerera kukafuna chigubu chija, n'kuchipeza chitatayidwa kuseri kwa sitolo, pepala lake likadalipo. Adokotala analiwerenga, anagwedeza mutu, n'kulamula jekeseni ina. Ankamubaya, kudikira, kumvetsera pachifuwa, kumubayanso. M'chifuwamo munkalira ngati mphika wa nyemba ukuwira. Ine anandiuza kuti ndiime kumiyendo, ndipo ndinagwira kaphazi kake, kali ndi fumbi la kusukulu, n'kumangokasisita. Ndinkaopa kuyang'ana nkhope yake, ndinkaopanso kuyang'ana kumbali, kuti mwina angapite ine ndikuyang'ana khoma. Pemphero lililonse limene ndinaliphunzira kutchalitchi linandithawa. Ndinkangoti, ndi mwana uyu, ndi mwana uyu.

Dzuwa litapendeka kulira kwa m'chifuwa kuja kunayamba kuchepa. Dovu linauma. Namwino anandiuza kuti ndikhale pansi ndisanagwe, ndipo anati tikanachedwa pang'ono bwenzi tikunena zina, anatinso kutsuka kuja kunathandiza ndithu. Koma anandichenjeza kuti mankhwala amenewa amatha kubwereranso munthu ataoneka ngati wachira. Choncho masiku onse amene tinakhala m'chipatalamo mantha sanandichoke. Mwana akatsokomola ndinkadzambatuka. Akameza malovu ndinkamuyang'ana kukamwa.

Alongo anga anakhala panja pansi pa mtengo, osapita kuntchito, osalowanso mkati. Ndikatuluka ankaimirira, ine n'kuwadutsa. Ndinali nditawakwiyira, ndipo ndinkafuna kuti adziwe. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma ndani anafunsapo lole kuti dzulo unanyamula chiyani? Iwo ndiwo ankadziwa. Mawu awiri okha akanakwana asanagubuduze tayala lawo lija.

Tsiku lina kunabwera mwini lole, jekete lake lili pathupi, atanyamula buledi. Anaima patali pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Pepani, amayi," anatero. "Tinaganiza za matumba. Za wosesa sitinaganize."

Anali kunena zoona, ndipo n'zimene zinandipsetsa mtima kwambiri. Pa zitsekerero zake zonse zija panali midzi, milatho ndi madambo, koma panalibe chitsekerero cha mayi wogwada ndi sipoko. Bulediyo ndinalandira. Kukana buledi chaka chimenecho kukanakhala kudzionetsera.

Sanabwerere kupepesa kokha. Lole inali itaima chiimire, dalaivala wina wodziwa madambo aja kunalibe, ndipo pamsika panalibenso kanthu. Zimenezo sindinachite kuuzidwa. Kukhitchini ya odikirira odwala amayi ankaphika masamba okhaokha, ndipo ena, osadziwa kuti ndine ndani, ankadandaula pamaso panga kuti lole ija yatani. Bamboyo anapempha alongo anga kuti anyamuke. Iwo anayang'ana ine.

"Pitani," ndinatero. "Mukakhala pano ndiye mwana achila msanga?"

Anapita. Mwana anatuluka m'chipatala ataonda, akuyenda mogwira chitenje changa. Kunyumba tinapeza mnansi uja atakwirira nkhuku zake zonse m'dzenje lakuya n'kuikapo mwala, chifukwa panali anthu amene ankazipempha kuti akangochotsa matumbo. Sanandifunse za kulipira, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira ndimagwetsa misozi. Ufa uja unali pomwe ndinausiya. Ndinaunyamula kupita nawo kuchimbudzi, ndipo mayi wina wa nyumba yakuseri ananditsatira.

"Osataya wonse, amake mwana," anatero. "Tingausefe, tiuyanike pa dzuwa, mphamvu izachoka."

Ndinamuyang'ana. Anali ndi ana anayi, ndipo sankaseka. Ndinaukhuthula wonse iye akuona, beseni n'kulitsuka ndi phulusa mpaka manja kusupuka.

Buledi uja anatha. Tinabwerera ku mango, ndipo mango nawonso anali kumapeto. Adokotala anali atanena kuti mwana adye bwino kuti mphamvu zibwerere, ngati kuti kudya bwino amagawa pawindo la mankhwala. Ndinayesa kuchapa zovala kwa aphunzitsi, ndinayesa kupalira m'dimba la munthu, koma aganyu tinali ambiri kuposa maganyu. Mwana anayambanso kugona masana. Ndinkamuyang'ana manja akuwonda, ndipo ndinazindikira kuti ndili ndi mantha awiri, ndipo sindingathawe onse.

Lole itabweranso ndinapita. Ndinaima patali, beseni lili kumbuyo, ndikudziuza kuti ndangobwera kudzaona. Pansi pake anali atakhomapo malata, ndipo mankhwala a thonje tsopano ankakwera m'mgolo wodula pakati womangirira kumbuyo kwenikweni. Kuyenda yopanda kanthu ndiye ayi, lamulo lija silinasinthe. Walira mvula walira matope. Malatawo anatseka ming'alu yonse, kotero sipoko yanga inatha ntchito, ndipo zosesa zinachepa ndi theka. Onyamula katundu atamaliza, amayi ena anayamba kusendera. Alongo anga anatenga tsache, anawadutsa onsewo, n'kubwera pamene ndinaima.

"Ulendo uno tinanyamula mchele na malata chabe," anatero motsitsa mawu. "Nakolopa nekha. Ningalumbile."

Ndinalandira tsachelo n'kukwera. Ndinkasesa pang'ono n'kutapa m'manja, kununkhiza, kusesanso, kununkhizanso. Chinkanunkha ufa wa anankafumbwe ngati chimanga china chilichonse, koma mphuno yanga sindinkaikhulupiriranso. Nkhuku zoyesera kunalibe. Kunyumba ndinatsuka mpaka madzi kuyera ngati akumwa, ndinayanika, ndinagayitsa.

Tsiku lophika ndinapanga phala m'mawa, n'kuligawa m'mbale ziwiri. Mbale ya mwana ndinaivundikira n'kuiika pamwamba pa kabati pamene sakanafikira. Ndinamukhazika pamphasa, ine n'kukhala moyang'anana naye, ndipo ndinadya yanga yonse iye akuona. Kudya mwana wanjala akukuyang'ana kukamwa ndi chinthu chonyansa. Ndinamuuza kuti adikire mpaka mthunzi wa nyumba uchoke pamphasa. Mnansi ndinali nditamuuza kale kuti akamva mwana akuitana abwere msanga.

Tinakhala choncho. Ndinkameza malovu n'kumadzifunsa ngati achuluka. Ndinkatambasula manja kuona ngati akunjenjemera, ndipo ankanjenjemeradi, koma sindinadziwe ngati ndi mankhwala kapena mantha. M'mimba mukalira ndinkagwira mpweya. Mwanayo sanalire, sanapemphe, sanapite kukasewera. Anangokhala mawondo ali pachibwano, maso ake akuchoka pa ine kupita pakabati, kuchoka pakabati kubwera pa ine. Mthunzi unkayenda pang'onopang'ono ngati waulesi.

Utachoka pamphasa anaimirira, anabwera pafupi, n'kundiyang'anitsitsa kukamwa ndi m'maso monga mmene anaonera anamwino akuchitira. Anandigwira pachipumi ndi kadzanja kake kozizira.

"Amama, simunafe," anatero. "Manje ningadye?"